Phewa Lotsika la a Takulandirani

Nthawi inali isanakwane hafu pasiti seveni m'mawa, koma a Choko anali atayamba kale kukangana ndi mimba ya munthu. Eni mimbayo anali aphunzitsi ena a thupi labwino, ataima pakati pa shopu ngati msilikali, chifuwa patsogolo, atavala jekete yotuwa ya mkono umodzi. Mkono winawo unali patebulo, utamasulidwa.

"Pumani, aphunzitsi," anatero a Choko, akuchotsa mapini pakamwa.

"Ndikupumatu, amayi."

"Mukupumira kuti, m'makutu? Mimba ija munalowa nayo pakhomo apa mwaibisa kuti? Itulutseni, ndi imeneyo ndikufuna kuisokera malo. Kapena mukakhala osapuma tsiku lonse?"

Aphunzitsi anaphulika n'kuseka, ndipo poseka paja mimba inabwerera kwawo. Nthawi yomweyo choko chinadutsa m'mbali mwa jekete, mzere kuno, mzere uko. Pamene aphunzitsi ankati adzikokenso, ntchito inali itatha.

"Basi, vulani. Mubwere Lachiwiri."

Dzina lawo lenileni alipo ochepa amene amalidziwa. Mumsewu wathu ndi a Choko basi, chifukwa choko chimakhala kukhutu kwawo tsiku lonse, ndipo pofika masana chimakhala chitawayeretsa tsaya ndi mphuno yomwe. Ndi mayi wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi chakumapeto kwa mdadada, moyandikana ndi abambo ometa tsitsi. Muli makina opalasa ndi mapazi, tebulo lalikulu lositirapo, benchi, kalilole wamtali wosweka pakona, ndi chingwe chochokera khoma ili kufika ilo, pomwe majekete amalendewera motsatizana ngati anthu odikira basi. Madiresi sasoka. Mathalauza amabweza tsiku limene adzuka bwino. Ntchito yawo ndi majekete a abambo: a suti, a kuofesi, ogula m'sitolo, osankha pa kaunjika, osiyiridwa ndi malemu.

Ine ndimakhala kuseri kwa shopuyo, khoma lathu ndi limodzi, ndipo mwana wanga anazolowera kugona makina akulira. Zimene ndalemba pano zina ndinaziona ndili pabenchi pawo ndikuyamwitsa, zina anandiuza okha.

Munthu akabwera ndi jekete akumwetulira, a Choko sayang'ana mtundu wake kapena dzina lolembedwa m'kati. Amamuimika chammbali pafupi ndi khoma n'kumuuza kuti atsamire pang'onopang'ono. Phewa la jekete likayamba kugunda khoma mkono wa munthu usanafike, amapukusa mutu.

"Mikono ndingafupikitse, m'chiuno ndingabweze, koma phewa ndiye mwini nyumba. Likakula chonchi, kaipatseni akulu anu."

"Ndilibe akulu anga, amayi," anayankha bambo wina tsiku lina.

"Ndiye muisunge, mwina mubereka chimphona."

Phewa likakhala bwino, amayang'ana kolala, ngati yagona pakhosi kapena yasiya mpata woti khoswe n'kugweramo. Amamangitsa batani n'kulowetsa chikhatho pachifuwa: chikhatho chilowe bwinobwino, koma nkhonya isalowe. Batani likamakoka nsalu mpaka makwinya kutambasuka ngati phazi la nkhuku, ndiye kuti yathina, ngakhale mwiniwake alumbire kuti akumva bwino. Mkono uthere pa kafupa kaja ka pomwe pamakhala wotchi, kuti shati isuzumireko pang'ono. Koma lamulo lawo lalikulu ndi lomwe lija la aphunzitsi. Amati mwamuna akaona tepi amasanduka wina: amakweza mapewa, amameza mimba, amatalika. Ameneyo a Choko samuyeza. Amamukhazika pansi, amamudzutsa, amamutuma kuti atole pini pansi, amamunena mpaka aseke, ndipo akangodziiwala, choko chimadutsa.

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Ali mtsikana analembedwa pa fakitale yosoka mayunifolomu, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ankasoka mikono yokhayokha. Mkono ukatha ankauponya m'dengu, wina n'kudzautenga. Jekete yathunthu ankangoiona mumsewu itavalidwa. Amuna awo anali kalaliki, munthu wochepa thupi, wa jekete imodzi yokha imene anagula yaikulu dala, amvekere adzanenepa. Anamwalira asananenepe. Chaka chomwecho fakitale inatsekedwa, a Choko n'kutsala ndi ana atatu, makina akale a apongozi awo, ndi jekete ija.

Tsiku lina anaitsitsa pamsomali, anatenga lezala n'kuyamba kumasula msoko ndi msoko. Zidutswa anaziyala pansi: za kunja, za m'kati, kansalu kolimba ka pachifuwa, timapilo ta m'mapewa. Atazilumikizanso inatuluka yopotoka. Anamasulanso. Ulendo wachinayi inaima bwino, ndipo ulendo wachisanu anaichepetsa kufika pa msinkhu weniweni wa malemuwo, umene manja awo ankaukumbukirabe. Amati ataipachika anakhala pansi n'kulira, chifukwa kanali koyamba kuwaona amuna awo atavala zowakwana.

Poyamba abambo ankakana. "Mkazi azindigwira m'khwapa ine?" Iwo ankayankha kuti, "Ndikugwira nsalu, bambo, za m'katimo n'za eni ake." Lero anthu amadutsa matelala khumi kuwafuna iwo, ndipo ana atatu aja anawalera ndi makina omwewo mpaka aliyense anapeza pogwira. Sindinganame kuti ndi munthu wofewa. Pakamwa pawo pamawawa, ntchito amaichedwetsa, ndipo ukawafulumizitsa amakupatsira jekete yako m'manja, mapini ali momwemo. Palinso khalidwe lina limene matelala anzawo amawaseka nalo. Akabweza chovala sadula nsalu yotsala, amaipinda n'kuigoneka m'kati. Amati thupi la munthu silinalumbire kuti lidzakhala pamodzimodzi.

Tsiku lomwe lija la aphunzitsi, lomwe linali Lachitatu, chakumasana kunalowa bambo ndi mayi. Bamboyo mumsewu monse timawatchula kuti a Takulandirani. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri anali akuima pakhomo pa hotela yaikulu ya m'tauni, kutsegulira alendo zitseko, ndipo mawu amenewo anawanena mpaka anasanduka dzina. M'mawa uliwonse ankadutsa pashopupo atavala jekete yabuluu ya mabatani agolide, ali njo ngati mzati, n'kukweza chipewa. Kenaka anadwala sitiroko. Anatha miyezi isanu ndi itatu osaoneka. Tsopano ankayenda okha popanda ndodo, mawu anali atabwerera, koma thupi linali litatha, phewa lakumanzere litatsika, ndipo zala za dzanja limenelo zinkamvera mochedwa.

Akazi awo ndiwo anayamba kulankhula, jekete isanatuluke n'komwe m'thumba.

"Asisi, tithandizeni. Kuntchito kwabwera bwana watsopano, abambowa sakuwadziwa. Akuti Lolemba avale jekete yawo akaime pakhomo mpaka masana, iye awaone. Akaoneka odwala, akuti awalembera kalata yopuma. Ndiye munthu mukumuona apayu, kumupumitsa ntchito n'chimodzimodzi kumukwirira ali moyo. Miyezi yonseyi amangokhala moyang'ana chitseko cha kunyumba. Ndikamabwera ndi ndowa amadzuka kuti anditsegulire."

"Zakwana, amayi ake," anatero a Takulandirani chapansipansi.

"Sizinakwane. Asisi, ikanimo thonje lambiri mbali iyi, mapewa afanane, bwana asakaone kanthu."

A Choko anawaveka jekete ija. Inangoti lende, ngati yapachikidwa pamsomali. Mapewa onse awiri anali atasefukira kunja kwa mafupa, ndipo akanakhala munthu wina akanamva za akulu ake zija. Koma jekete ya hotela inali yomweyo, ina panalibe. Ntchito ya mapewa, yomasula mikono yonse ndi kolala, imene amaikana chaka ndi chaka, anaivomera.

Atangochotsa choko kukhutu, a Takulandirani anadzikoka. Analuma mano, anakweza phewa lodwala lija mpaka linafanana ndi linzake, chibwano m'mwamba, ndipo kwa kanthawi munthu wakale uja anaimanso m'shopumo. Thukuta linayamba kutuluka pamphumi. A Choko anaona zonsezo. Mawu aja oti "pumani" sanawanene ulendo uno. Munthu amene walimbana miyezi isanu ndi itatu kuti aime chonchi, ungamuuze bwanji kuti agwetse phewa? Anayeza mofulumira, osaseka, osanena munthu, n'kulemba mizere yawo pa munthu woima njo.

"Mubwere Loweruka m'mawa."

Lachinayi ndi Lachisanu majekete ena onse anadikira pachingwe. A Choko anachotsa mikono, anachepetsa mapewa mofanana kuno ndi uko, anabweza kumsana ndi m'chiuno. Ntchito inkayenda bwino, misoko ili yowongoka, koma masiku awiri amenewo sanaimbe nyimbo pamakina monga amachitira. Anadzandiuza pambuyo pake kuti mtima unkawagogoda, iwo n'kumauuza kuti ukhale chete.

Loweruka m'mawa a Takulandirani anaivala patsogolo pa kalilole, anadzikokanso, ndipo jekete inakhala ngati anabadwa nayo. Akazi awo anawamangira batani, anabwerera m'mbuyo n'kuomba m'manja.

"Eee! Bwana ameneyo akawapatsa ofesi, osati khomo! Asisi, manja anuwa Mulungu awasunge."

Chisangalalo chinawatsegula pakamwa. Anayamba kufotokoza za kuchipatala, za anamwino abwino ndi amwano, za achibale amene sanabwere kudzazonda. A Choko ankavomera ndi mutu, koma maso awo anali pakalilole, pomwe bambo aja anaima kudikira kuti nkhani ithe. Mphindi zisanu zisanakwane phewa linayamba kutsika, pang'onopang'ono ngati thumba lobooka. Jekete yosokedwera munthu wowongoka inasowa pogwira. Khwinya lalikulu linatuluka kukhwapa mpaka pabatani, kolala inayasama kumbuyo kwa khosi, mkono wakumanzere unapotoka, ndipo kutsogolo mbali imodzi inapitirira inzake. Inkaoneka moipa kuposa mmene inabwerera, chifukwa tsopano mbali yabwino inkaloza mbali yodwala.

Miyendo itatopa, a Takulandirani anamasula batani n'kukhala pabenchi. Podzuka anati amangenso. Batani linazemba bowo. Anayesanso, linazembanso. Akazi awo anatambasula dzanja kuti athandize, iwo analikankha.



"Tiyeni tizipita," anatero a Takulandirani. "Kalata ija angolemba. Munthu wolephera batani angatsegulire ndani chitseko?"

"Si mwaona, asisi? Ndinanenatu ine za thonje," anatero akazi awo.

"Thonje ayi," anatero a Choko. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Bambo, wolakwa pano ndine. Lachitatu ndinaona kuti mwadzikoka, ndinakhala chete chifukwa cha chisoni. Paja chisoni chinapha nkhwali. Ndasokera jekete munthu amene amakhalapo mphindi zisanu zokha, pomwe Lolemba mukaima maola asanu ndi limodzi. Ndipatseni mpata ndisokere winayo."

"Wina uti?"

"Wotopayo. Imani pakhomo panga apa. Aliyense wolowa mumutsegulire, mumulandire ngati ali ku hotela, mpaka ndinene kuti basi."

"Mukufuna kundiphera amuna anga?" anakuwa akazi awo.

"Akagwa pano tiwadzutsa ife, asisi. Akakagwa uko akawadzutsa ndi kalata."

A Takulandirani anawayang'ana a Choko, anayang'ana chitseko, kenaka anapita kukaima pambali pake. Woyamba kulandiridwa ndinali ine, mwana kumsana, ndikudzabweza simbi imene ndinabwereka. Chitseko chinatseguka ndisanachigwire, ndipo mawu aja anatuluka, okhuthala, ochokera pansi pa mimba: "Takulandirani, mayi." Ndinatsala pang'ono kuvula nsapato. Abambo ometa atamva anatuluka ndi sizasi m'manja, analowa, anatuluka, analowanso.

"Akulu, ine chipinda cha pamwamba, choyang'ana kumsewu."

"Zipinda zadzaza, bwana," anayankha a Takulandirani osaseka. "Kwatsala pabenchi pokha."

"Nanga katundu wanga anyamula ndani?"

"Katundu wake uti? Chipeso?"

Anthu odutsa anayamba kuima n'kumaseka, ena kulowa opanda chodzachita, kungofuna kulandiridwa. Akazi awo a Takulandirani anakhala pabenchi manja ali pamutu, akudandaula kuti anabwera kwa telala, osati ku zisudzo. Ola loyamba bambo aja ankalikumbukirabe phewa lawo, munthu akamayandikira ankalikweza. Ola lachiwiri analiiwala. Ankatsegula ndi dzanja lamanja, lamanzere lili m'mbali, thupi litapendekera pang'ono, nkhope ili yowala kuposa mmene tinaionera chidwalireni. A Choko anali pamakina ngati sakuona. Kenaka, a Takulandirani ali m'kati moseka zonena za ometa, iwo anadzuka opanda nsapato, anafika kumbuyo kwawo mwakachetechete, ndipo choko chinadutsa: paphewa, kukhwapa, pakolala, pamkono. Analasa mapini anayi.

"Basi, vulani. Mubwere mawa cha m'ma folo koloko."

Apa ndi pamene khalidwe lowaseka nalo lija linawapulumutsa. Nsalu yonse imene anabweza Lachinayi inali chigonere m'kati, yosadulidwa. Anamasulanso mkono wakumanzere ndi kolala. Msoko wa phewa anautsitsa kuti utsate fupa mmene lilili tsopano, n'kutsitsanso kukhwapa kuti kusalume. Thonje anaikamo ndithu, koma kapilo kopyapyala ngati chikhatho cha khanda, kongothandizira. Mkono anaubwezeretsa atautembenuzira kutsogolo pang'ono, chifukwa anaona pakhomo paja kuti mkono wa bambo aja ukatopa umalendewera chakutsogolo. Zaka khumi ndi chimodzi za mikono yokhayokha zinagwira ntchito pamenepo. Batani analisuntha kuti liyang'anizane ndi bowo lake munthu ali chipendekere, analisoka molisiyira khosi lalitali la ulusi kuti chala chizilipeza msanga, n'kukulitsa bowo pang'ono. Atatha anaivala okha jekete ija, ikuwafika m'maondo, dzanja lamanzere kumbuyo, n'kumamanga ndi kumasula ndi dzanja limodzi mpaka chala chinawawa. Lamulungu limenelo makina analira kuyambira m'mawa, ndipo tiyi amene ndinawapititsira ndinakamutenga atazizira, asanamulawe.

Folo koloko itakwana, a Choko anawaletsa a Takulandirani kuyandikira kalilole. Anayamba awayendetsa kukafika pa mpopi wa kumapeto kwa msewu ndi kubwerako, ndiyeno anawaveka. Kolala inagona pakhosi. Kutsogolo mbali zonse zinathera pamodzi. Khwinya lija kunalibe.

Akazi awo anazungulira kawiri, milomo itatalika.

"Koma phewali likuonekabe kuti n'lotsika."

"Likuoneka chifukwa n'lotsika, asisi. Ine ndine telala, dokotala munamusiya kuchipatala. Ndikadzaza thonje, akangokweza dzanja lidzakwera kukafika kukhutu, bwana n'kudziwa kuti pali chobisa. Anthu a phewa lotsika ali mbwee m'tauni muno, ena ndi mabwana. Chimene chimanena kuti munthu watha si phewa ayi, ndi jekete yolendewera ngati ya eni ake."

A Takulandirani sankamva zimenezo. Anali atamasula batani. Anakhala pabenchi, anadzuka, dzanja lamanja linapita lokha, chala chachikulu chinakankha, batani linalowa. Anamasulanso, analowetsanso. Kachitatu. Ndiyeno anapita pakalilole, anayang'ana nthawi yaitali osadzikoka.

"Ndiye ndine ameneyu tsopano?"

"Ndinu amenewo, bambo. Ndipo mukakaona bwana akubwera musakadzikoke. Mukadzikoka mukandiwonongera ntchito."

Lolemba a Choko sanagwire ntchito yooneka. Anasoka thumba la jekete ya aphunzitsi aja chotseka n'kumasulanso, anakalipira ometa chifukwa cha wailesi, ndipo galimoto iliyonse ikaima pamsewu ankasuzumira pazenera. Akazi awo a Takulandirani anabwera kudzadikirira pabenchi pomwepo, ali chete, chinthu chimene sitinachionepo. Cha m'ma thu koloko chitseko chinatseguka. Bambo aja analowa pang'onopang'ono, anamasula batani n'kudzigwetsa pabenchi. 

"Madzi," anatero.

Atamwa anapukuta pakamwa n'kuyamba. "Bwana uja ndi mwana ndithu, msinkhu wa woyamba wathu. Anabwera cha m'ma leveni, anandiyang'ana kumaso, anayang'ana phewa, n'kufunsa kuti, 'Dzanjalo likugwira?' Ine ndinati, 'Likuphunzira, bwana, koma linzakeli ndi lakale pantchito.' Anati ndikhale pansi pang'ono, ndipume. Ndinamasula batani, ndinakhala. Ndisanapume n'komwe, galimoto ya mlendo n'kutulukira! Ndinadzuka. Pofika pa sitepe batani lili m'malo mwake, chitseko ndatsegula, mlendo ndamulandira. Pocheuka, bwana ali pomwepo, manja m'thumba, akundiyang'ana."

"Ndiye?" anafunsa akazi awo.

"Akuti mawa sikisi koloko. Masutikesi azinyamula anzanga, ine chitseko ndi pakamwa."

Akazi awo anatsetsereka pabenchi n'kukhala pasimenti, anaphimba nkhope ndi mpango. A Choko anali ndi funso limodzi lokha.

"Za jekete anati chiyani?"

"Sananene kanthu."

"Sanaiyang'ane n'komwe?"

"Ayi."

Pamenepo ndi pomwe a Choko anamwetulira, n'kubwezera choko kukhutu.

"Ndiye kuti yakhala."

Masiku ano a Takulandirani amadutsanso m'mawa uliwonse, atapendekera pang'ono kumanzere, n'kukweza chipewa ndi dzanja lamanja. Nditawauza a Choko kuti ndikufuna kulemba za iwo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi mmene amayang'anira jekete ya mapewa aakulu. Anafunsa ngati ndilembenso za Lachitatu lija analakwitsa. Ndinati ndilemba. Anati ndiye palibe vuto. Kenaka anawerama pansi pa tebulo, anatulutsa chikatoni chodula bwino ndi cholembera chakuda.

"Poti dzanja lako n'labwino, make mwana, yamba wandilembera apa, zilembo zikuluzikulu, tikhome pachitseko. Ulembe kuti abambo ofuna kuyezedwa jekete azibwera akaweruka kuntchito, atatopa, komanso atadya. Obwera m'mawa atangosamba kumene andikwana. Pansi pake uwonjezere kuti mimba asamaisiye kunyumba."